Kupirira Cheza cha Makina Pamene Khansa Yagwira Mapapo

Mwa makomboni onse a mu Lusaka, Kamwala ndiyo inagwa pamalo pamene odwala ochokera kutali amayamba kutulira katundu wawo, pakuti mlendo amene watsika basi pa Intercity, kaya wachokera ku Chipata, ku Petauke, ku Lundazi kapena kutsidya kwa malire ku Mchinji, akaima pachipata cha siteshoni ndi kalata ya dotolo m'thumba, nyumba imene imayamba kubwera m'mutu mwake ndi ya mbale uja amakhala kufupi ndi msika, kumene munthu wamphamvu zake angathe kuyenda pansi n'kukafika pa chipatala chachikulu cha UTH dzuwa lisanakwere. Chifukwa chake mabanja ambiri a ku Kamwala, pamodzi ndi anansi awo a ku Kabwata ndi ku Libala, anayalirapo mphasa atsibweni kapena apongozi amene anadza kudzalandira chithandizo cha khansa. Ndipo mwa odwala onsewo palibe amene amazunguza mitu ya eninyumba ngati uja nthendayi yamugwira m'mapapo, amene madotolo agamula kuti alandire cheza cha makina, chimene achipatala amachitcha radiotherapy, pomwe anthu wamba amangoti akukawotchedwa. Nkhani imeneyi ndifuna kuilongosola mwachifatse, pakuti chimene chimabweza odwala ambiri pakati pa njira ndi mavuto amene anali oyembekezereka ndithu, koma popanda wina anawachenjeza kuti adzafika liti, ndi kuti adzatha liti.

Makinawo ali pa Cancer Diseases Hospital, m'bwalo la UTH pa msewu wa Nationalist. Chipatalachi chinayamba kulandira odwala mu 2006, ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa anachitsegulira mwamwambo mu July 2007, chitamangidwa ndi ngongole ya OPEC Fund ndi uphungu wa bungwe la IAEA la ku Vienna. Chisanamangidwe, wofuna chithandizo chotere ankayenera kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo amene ankapeza mwayi umenewo anali owerengeka. Otsalawo ankabwerera kumudzi kukadikira tsiku lawo. Abale athu a ku Malawi, amene dziko lawo linakhala zaka zambiri lopanda makina otere, nawonso anaphunzira njira ya ku Lusaka, ndipo ena mwa iwo anagona m'nyumba za m'makomboni athu omwewa.

Tisanafike pa makinawo tiyenera kuvomereza chinthu chimodzi chowawa, chimene chimalamulira zonse zotsatira: kwathu kuno khansa ya m'mapapo imadziwika mochedwa. Zizindikiro zake ndi kutsokomola kosaleka, kuwonda, kupweteka kwa m'chifuwa, kupuma mobanika, ndi makhololo a magazi, ndipo aliyense amene anakhalapo pamzere pa kiliniki ya Kamwala kapena pa zipatala za ku Kanyama, Chawama ndi Matero adziwa kuti zimenezi ndizo zizindikiro zenizeni za chifuwa chachikulu. Popeza Zambia ili m'gulu la mayiko amene bungwe la WHO limawawerenga kuti ali ndi TB yochuluka, sitingamudzudzule wachipatala amene ayamba waganiza za TB, pakuti mwa otsokomola ambiri amene amawaona iyeyo amakhala atalondola. Tsoka limagwera uja makhololo ake anapimidwa pa makina a GeneXpert osapezeka kanthu, napatsidwabe mankhwala a miyezi 6 chifukwa chithunzi cha m'chifuwa chinaonetsa mthunzi, namwa mokhulupirika osaona kusintha, nabwezedwanso kachiwiri. Pamene adzatumizidwa kukajambulidwa pa CT ndi kuchotsedwa kadutswa ka chotupa cha m'phapo kuti akakaunike, miyezi yambiri yadutsa. Ndinena mosabisa kuti wodwala amene wamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osapeza bwino, makamaka wachikulire amene anasuta fodya, abale ake ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Kodi adokotala, sichingakhale china?" Ndipo nthawi zina nthenda ziwirizi zimakhala m'chifuwa chimodzi.

Za chiyambi chake sindichulutsa mawu. Kuyambira mu 1950, pamene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasindikiza zimene anapeza pakati pa odwala a ku London, dziko lapansi likudziwa kuti fodya ndiye kholo la nthendayi, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya ndi wopichira papepala la nyuzi. Bungwe la IARC linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo padziko lonse, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anafa nayo, kotero kuti palibe khansa ina imene imapha anthu ochuluka chotere. Komatu sikuti onse anasuta. Alipo amayi amene moyo wawo wonse anaweramira mbaula m'chipinda chopanda zenera, abambo amene anameza fumbi la pansi pa mgodi ku Copperbelt kapena ku Joni, ndi anthu aja amaphwanya miyala m'mbali mwa misewu ya ku Kalingalinga ndi ku Chawama. Ndipo amene ali ndi kachirombo ka HIV imawagwira mosavuta kuposa ena. Kumuimba mlandu munthu atagona kale pamphasa kulibe phindu.

Nanga chezachi n'chiyani? Ndi mtundu womwewo wa kuwala kosaoneka kumene Wilhelm Röntgen anakutulukira mu 1895, kumene timajambulira mafupa othyoka, koma kopatsidwa mphamvu yoposa kutalitali. Makina ena amakutulutsa kuchokera ku chitsulo chotchedwa cobalt-60, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala ku Canada mu 1951, ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 5 zilizonse ndi miyezi yowerengeka. Ena, otchedwa linac, amakupanga ndi magetsi. Chikalowa m'thupi, chezachi chimawononga malangizo amene ali m'kati mwa maselo, amene selo limatsata pofuna kugawikana, kotero kuti selo la khansa likayesa kuswana limafa. Maselo abwino nawonso amavulala, koma iwo amadziwa kudzikonza usiku umodzi kuposa mmene a khansa amachitira, ndipo pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona nzeru yonse yogawa chithandizochi m'magawo ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku. Zili ngati kupalira munda wa chimanga m'mwezi wa January: wopalira ndime yake tsiku lililonse amaugonjetsa udzu, koma wosiya khasu sabata yathunthu amakapeza kumene anayambira kwameranso.

Tsono pali funso limene banja lililonse liyenera kufunsa pa tsiku loyamba, ngakhale kuti ambiri amaliopa: kodi chezachi chikuperekedwa kuti chichotse nthenda, kapena kuti chichepetse mavuto? Muyeso wa cheza umatchedwa gray. Pamene chotupa sichinafalikire kutali ndipo wodwala akali ndi mphamvu, madotolo amalinga kuchigonjetsa, napereka magray 60 kufikira 66, awiri pa tsiku, kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu kwa masabata 6 kapena kupitirira pang'ono, kapena magray 55 m'masiku 20. Ndipo kawirikawiri amaphatikiza ndi mankhwala a m'mitsempha aja a chemotherapy. Koma pamene nthenda yafika kale m'mafupa, m'chiwindi kapena mu ubongo, cholinga chimakhala kuletsa magazi, kutsegula njira ya mpweya, ndi kuziziritsa ululu. Pamenepo amapereka magray 30 m'masiku 10, kapena 20 m'masiku 5, nthawi zina maulendo awiri okha, ndipo fupa lopweteka lingathe kupepukidwa ndi ulendo umodzi wa magray 8. Ndamva anthu akung'ung'udza kuti mbale wawo anapatsidwa masiku 5 okha pomwe wa bedi loyandikana naye anapatsidwa 30, poganiza kuti pali tsankho kapena kuti winayo anapereka kangachepe. Ayi ndithu, zolinga zake n'zosiyana. Ndipo chithandizo chachifupicho sichiyenera kunyozedwa, pakuti munthu amene ankalavula magazi usiku wonse akagona tulo mpaka mbandakucha, walandira chinthu chachikulu. Safunsa anadya phula. Banja limene silinafunse limagulitsa ng'ombe ndi munda poyembekezera machiritso amene dotolo sanalonjeze.

Ulendo woyamba si wolandira cheza, koma wokonzekera. Wodwala amagonekedwa chagada pa makina a CT, manja atakwezedwa pamwamba pa mutu, ndipo pakhungu la pachifuwa amalembapo zizindikiro ndi inki, nthawi zina timadontho tosafufutika, kuti tsiku lililonse adzagone chimodzimodzi. Pambuyo pake akatswiri amakhala pa kompyuta masiku angapo kuwerengera mbali zimene cheza chidzalowere, kuti chikakumane pa chotupa chikulambalala mtima, msana ndi phapo labwino monga kungathekere. Masiku amenewa abale amaona ngati aiwalidwa, chonsecho ntchito ili m'kati. Zizindikiro zija zisachotsedwe posamba. Chithandizo chikayamba, wodwala amakhala m'chipindamo mphindi 10 kapena 20, zambiri mwa izo zikuthera pa kumugoneka bwino, ndipo cheza chenichenicho chimayaka mphindi zowerengeka. Samva kutentha, samva kulasa, saona moto. Amangomva kulira kwa makina akumuzungulira. Amatsala yekha, inde, ndipo chitseko n'cholemera, koma achipatala amamuona pa kanema ndi kumumva akalankhula. Amene amalephera kugona chagada chifukwa cha chifuwa kapena ululu anene msanga, kuti amwe mankhwala ake ola lisanakwane.

Pali mantha awiri amene afala m'makomboni. Oyamba ndi akuti wochokera ku makina amabwera ndi cheza m'thupi, kotero kuti ena amamupatulira mbale ndi kapu, naletsa adzukulu kumuyandikira, ngati wakhate wa masiku akale wokhala kunja kwa mudzi. Zimenezi n'zopanda maziko: makina akazima, cheza chatha, palibe chotsalira m'thupi mwake, angathe kunyamula khanda, kudyera m'mbale imodzi ndi anzake, ndi kugona chipinda chimodzi ndi akunyumba kwake, ndipo khansayo siipatsirana. Chimene madotolo amaletsa ndi kutenga pathupi pa nthawi ya chithandizo. Mantha achiwiri ndi akuti makina ndiwo amapha, popeza uje ndi uje anawotchedwa namwalira patapita miyezi itatu. Koma taganizani za nthawi imene anthuwo anafikira kuchipatala: nthenda inali itayenda kale ulendo wake, ndipo makina analandira mlandu wa miyezi ija inatayika pamzere wa TB ndi kwa asing'anga.

Tsopano tifike pa mavuto enieni, amene sindifuna kuwachepetsa. Loyamba ndi kutopa, kumene kumayamba pang'onopang'ono ndi kukula sabata ndi sabata, ndipo sikutha ndi tulo. Kumapitirira masabata angapo, mwinanso miyezi, chithandizo chitatha. Bambo amene ankakankha wilibala ya katundu pamsika amapezeka kuti kusamba kokha kwamulemetsa. Asanenedwe ulesi, komanso asagonekedwe tsiku lonse, pakuti kuyenda pang'ono m'mawa, dzuwa lisanawawe ndi fumbi lisanadzuke, kumasunga mphamvu za miyendo ndi za mapapo kuposa kugona chigonere.

Vuto lachiwiri ndilo limagwetsa ambiri, ndipo pano ndikhalitsapo. Njira ya chakudya imatsika pakati pa chifuwa, pakati pa mapapo awiri, ndipo chotupa chikakhala chapakati n'kosatheka kuti cheza chiilambalale kotheratu. Chifukwa chake cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu wodwala amayamba kumva ngati mbamu yaima pachifuwa, kenaka kumeza kumawawa ngati pali chilonda. Ululuwo umakula kufikira kumapeto kwa chithandizo, nthawi zina n'kufika pachimake sabata imodzi kapena ziwiri chitatha, ndipo pambuyo pake umazilala m'masabata owerengeka. Amene sanauzidwe zimenezi amati khansa yakwera kukhosi, nataya mtima, naleka kupita. Amene anauzidwa amadziwa kuti ndi chilonda cha kanthawi. Kuchipatala kuli mankhwala ake, a madzi oziziritsa kummero ndi opha ululu, amene amathandiza kwambiri akamwedwa chakudya chisanafike. Ndipo ngati m'kamwa mwatuluka zoyera ngati mkaka, amenewo ndi mafangasi, ali ndi mankhwala akeake. Kunyumba ntchito ili m'manja mwa wophika. Nsima yolimba ya masiku onse, kapenta wokazinga, chimanga chowotcha, tsabola, mandimu, tiyi wotentha kwambiri, ndi mowa wa mtundu uliwonse, makamaka kachasu, zonsezi ziyambe zaima. M'malo mwake pabwere phala losalala lothira nsinjiro, mkaka, dzira kapena supuni ya mafuta ophikira, nsima yofewa yomezera therere, mbatata ndi maungu zophwanya, nyemba zosefa, nthochi zakupsa ndi mapeyala, maheu kapena thobwa losasasa. Zikhale zofunda chabe, zoperekedwa pang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, wodwala atakhala tsonga, ndipo asagone pansi atangotha kudya. Mayi wa nyumba asakhumudwe mbale ikabwerera ndi chakudya, ndiponso asamukalipire wodwala ngati mwana. Koma aonetsetse kuti madzi akulowa, pakuti munthu amene walephera kumeza ngakhale madzi tsiku lathunthu ayenera kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Kuwonda kwambiri pakati pa chithandizo kuli ndi vuto linanso, lakuti miyeso ija inatengedwa pa tsiku loyamba siigwirizananso ndi thupi.

Khungu la pachifuwa ndi la kumsana, kumene cheza chimatulukira, limada, limauma, limayabwa, ndipo nthawi zina limasupuka. Lisambitsidwe ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, ndi dzanja lokha, popanda mwala kapena chinkhupule, ndipo lipukutidwe mogunda pang'ono. Malaya akhale a thonje, otakasuka, ophimba malowo ku dzuwa. Mafuta odzola ayambe afunsidwa kwa anamwino. Apa ndiyenera kunena mwaulemu kwa akuluakulu athu, amene chikondi chawo sindichikayika: kuthowa ndi nsalu yotentha, kutema mphini pachifuwa ndi kupakapo mankhwala akuda, ndi kufukiza pansi pa bulangete ndi masamba a bulugamu monga tinkachitira m'masiku a Covid-19, zonsezi pa khungu ndi mapapo amene akulandira cheza zimabala zilonda ndi kubanika. Tsitsi la kumutu silithothoka ndi cheza cha pachifuwa. Likathothoka, ndi chemotherapy, kapena cheza chaperekedwa kumutu komweko.

Za mpweya wa m'nyumba n'zovuta kuzinena kwa anthu amene magetsi amawathimira maola ambiri, monga zinachitikira mu 2024 pamene madzi anatsika pa Kariba, ndipo mbaula ndiyo inasunga mabanja. Komabe mbaula iyatsidwe ndi kuphikira panja, isalowe m'chipinda cha wodwala ngakhale m'kuzizira kwa June. Pabwalo pawazidwe madzi asanasese, makamaka m'miyezi ya fumbi ya August kufikira October. Zinyalala ndi mapulasitiki zisatenthedwe pafupi ndi zenera lake. Ndipo fodya aleke, wodwala pamodzi ndi onse a m'nyumbamo. Ena amati, "Nanga kuleka lero kupindulanji, nthenda italowa kale?" Kupindula ndithu, pakuti cheza chimagwira bwino ntchito pa chotupa chimene chikulandira mpweya wokwanira m'magazi, ndipo utsi umachepetsa mpweyawo, nukulitsa zilonda za kummero ndi chifuwa. Zambia inaletsa kusuta pamalo a anthu ambiri mu 2008, koma lamulo la boma silifika pakhonde la munthu; pamenepo lamulo ndi la eninyumba.

Chinthu chimene chimaoneka chaching'ono, koma chimene chimagamula zambiri, ndi kufika tsiku lililonse. Wa ku Kamwala ali ndi mwayi wa kufupika kwa njira; koma wa ku George, ku Matero kapena ku Kanyama amakwera minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwerera, iye ndi womuperekeza, masiku 30, ndipo m'nyengo ya mvula, madzi akadzaza m'njira za ku Kanyama, ngakhale kufika pamsewu ndi nkhondo. Ndalama ya ulendo, ya chakudya chofewa chija, ndi ya ntchito imene womuperekeza waisiya, kawirikawiri ndiyo imathetsa chithandizo nthenda isanathe. Mutu umodzi susenza denga: abale akhale pansi chithandizo chisanayambe, awerengere masiku onse, agawane kuti Lolemba aperekeza uje, Lachiwiri uje, ndi kuti a ku Kitwe ndi a ku Johannesburg, amene sangabwere, atumize chiyani pafoni ndipo liti. A chilimba angathe kumupatsa mnzawo ndalama nthawi yake isanakwane. Amayi a Chigwirizano, a Dorika ndi a m'miphakati amadziwa kale ntchito yoyendera odwala. Amene analembetsa ku NHIMA, inshuwalansi ya boma imene inayamba kugwira ntchito mu 2019, aonetsetse kuti makalata awo ali bwino asanafunike. Tsiku likaphonyeka, kaya chifukwa cha maliro kaya kufooka, achipatala auzidwe kuti akonze ndondomeko, m'malo mongosowa ndi kudzatulukira patapita sabata.

Kunena chilungamo, si nthawi zonse pamene wophonya amakhala wodwala. Makina a chipatala chimodzi amene anasenza dziko lonse kwa zaka zambiri anafika potopa, ndipo m'zaka zapitazi panali nyengo imene boma linkatumiza odwala ena ku Tanzania pamene linali kukonza zoika makina atsopano ndi kumanga chipatala china cha khansa ku Ndola. Mzere wodikira ndi wautali, ndipo banja lanzeru limasiya kuchipatala manambala a foni awiri kapena atatu amene sazima, limasunga makalata onse ndi zithunzi m'chikwama chimodzi, ndipo limafunsa chimene chingachitike pa nthawi yodikirayo kuti ululu ndi chifuwa zichepe.

Tsiku lomaliza la makina si mapeto a nkhani. Cheza chimapitiriza ntchito yake masabata angapo, ndipo ndicho chifukwa chake madotolo sajambula msanga kuti aone zotsatira. Koma pali vuto lina limene limabisala kutsogolo, limene kwathu kuno n'loopsa mwapadera chifukwa limavala nkhope ya matenda ena: pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 chithandizo chitatha, mbali ya phapo imene inalandira cheza ingathe kutupa, munthu nayamba chifuwa chouma, kupuma movutika ndi kutentha thupi pang'ono. Wodwala amene wabwerera kwawo ku Katete akapita pa kiliniki ndi zizindikiro zimenezi osatchula za makina, adzapatsidwa mankhwala a chibayo kapena a TB, pomwe chofunika ndi mankhwala oletsa kutupa monga prednisolone, amene amamwedwa masabata angapo ndi kuchepetsedwa pang'onopang'ono, osati kusiyidwa mwadzidzidzi. Mbali inayo, mankhwala omwewo angathe kudzutsa TB imene inagona m'thupi, kotero kuti kupima makhololo kumafunikabe. Nzeru yake ndi yakuti kalata ya ku chipatala cha khansa iziyenda ndi wodwala kulikonse, ndipo iziperekedwa kwa wachipatala aliyense asanalembe mankhwala. Pakapita nthawi malowo amasanduka chipsera chimene chidzaoneka pa chithunzi chilichonse mpaka kale, ndipo wosadziwa mbiri yake angachiyese nthenda yatsopano.

Zilipo zizindikiro zimene siziyembekezera tsiku lolembedwa pakhadi, ngakhale pakati pa usiku. Magazi ochuluka potsokomola. Kubanika kumene kwakula mwadzidzidzi. Nkhope, khosi ndi manja kutupa, mitsempha ya pachifuwa itatukumuka, chimene chimasonyeza kuti chotupa chapana mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Msana kupweteka kwambiri pamodzi ndi miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo kukanika, pamene maola owerengeka angasiyanitse kuyenda ndi kupuwala. Mutu waukulu ndi kusanza, kukomoka kapena kusokonezeka maganizo. Ndi kutentha thupi kwa munthu amene akulandiranso chemotherapy, pakuti chitetezo chake chimakhala chitatsika, ndipo Panado wa pa kantemba amangobisa moto umene ukuyaka m'kati.

Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa osadumphitsa, ndipo madotolo a khansa adziwitsidwe za mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo a zitsamba ndi aja ogulitsidwa m'mabotolo okongola m'tauni, pakuti ena amalimbana ndi chemotherapy ndi kulemetsa chiwindi ndi impso. Za mapemphero ndilibe nazo mlandu. Ndaona odwala amene nyimbo ya amayi a mpingo inawadzutsa m'mawa umene thupi linali litakana. Chimene ndikana ndi mlaliki amene auza munthu kuti kubwerera ku makina ndi kusakhulupirira, kapena amene alamula wodwala wowonda kale kuti asale kudya masiku atatu. Ameneyo akusenzetsa wofooka katundu amene iye mwini sangamukhudze ndi chala.

Chotsala ndi chija timachizemba tonse, ndicho kuuza mwini thupi zoona. Mwambo wathu ndi wakuti abale amatengera dotolo pambali namupempha kuti, "Musawauze, angataye mtima". Ndipo wodwalayo, amene si mwana, amaona nkhope zawo, amawerenga chikwangwani cha pachipata, nakhala chete kuti asawavutitse, kotero kuti m'nyumba imodzi muli anthu awiri obisirana chinthu chimene onse akuchidziwa. Sindinena kuti auzidwe mwankhaza kapena zonse tsiku limodzi. Ndinena kuti afunsidwe kuti afuna kudziwa zochuluka bwanji, ndi kuti ayankhidwe moona pa chimene wafunsa, pakuti munthu wamkulu ali ndi ana oti awalangize, ngongole zoti alongosole, nyumba yoti anene mwini wake, ndi abale oti akhululukirane nawo. Womusamalira nayenso, amene kawirikawiri ndi mkazi mmodzi, mkazi wake kapena mwana wake kapena mlongo wake, apatsidwe tsiku lopuma, pakuti akagwa iye agwa onse.

Ndipo pamene madotolo anena kuti makina achita mbali yawo ndipo sangawonjezerenso, chisamaliro sichinathe. Kamwala yomweyi inadziwa ntchito imeneyi m'zaka zowawa za Edzi, pamene Jon Hospice ya bungwe la Kara Counselling inkalandira odwala amene mabanja anali atalephera, ndipo ku Kalingalinga kuli Our Lady's Hospice. Luso limene linaphunziridwa masiku amenewo ndi lomwe likufunika pa khansa lero. Mankhwala a morphine a madzi, amene ambiri amawaopa poganiza kuti ndi omalizitsa munthu kapena kuti adzamusandutsa chidakwa cha mankhwala, akaperekedwa pa muyeso wa dotolo amachotsa ululu ndi kuchepetsa kubanika, ndipo amamwedwa pa maola ake oikika, kawirikawiri maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Amaumitsa m'mimba, choncho wolandira botolo lake apemphe pomwepo mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo afunse kumene akatenge lina lisanathe loyambalo, makamaka ngati wodwala akubwerera kumudzi.